Gogo wa pa Tsamba Loyamba

Bukuli ndinaligula pakhonde la sitolo, kwa mnyamata amene ankayala mabuku akale pa chiguduli, atawatsinjiza ndi miyala kuopa mphepo. Chikuto chinali chitathothoka, masamba ena chiswe chitalawako m'mbali. Mawu ake sindinawayang'ane n'komwe. Chinandigwira mtima ndi chithunzi cha pa tsamba loyamba, chakuda ndi choyera basi. Gogo wakhala pampando wawofowofo, magalasi ali pamphuno, chibuku chotsegula chili pamiyendo. Ana amuunjirira, wina wakwera pamwendo, wina akusuzumira kuseri kwa phewa, ena akhala pansi pafupi ndi zidole zawo, maso ali dwii.

Ndinalipira n'kukwera minibasi, koma mtima sunakhazikike. Panali chinachake pa chithunzicho chimene sichinkagwirizana ndi zomwe ndikudziwa, ndipo ndinachipeza tili m'njira. Gogo ameneyu nthano yake ili papepala. Agogo anga, mayi awo a mayi anga, sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, koma nthano zinkatuluka m'mutu mwawo, manja ali pa ntchito yotongola chimanga, maso ali pa ife. Iwo akati "Padangotelo," ife tinkati "Tili tonse," ndipo tikaleka kuvomera, iwonso ankaleka kusimba mpaka wogona adzutsidwe. Nthano inali ya tonse amene tinalipo usiku umenewo. Ya gogo wa m'chithunziyu inali ya amene anagula buku.

Wojambula chithunzicho anali Gustave Doré, Mfalansa wobadwira ku Strasbourg mu 1832. Chinatuluka mu 1862, m'buku la nthano za Charles Perrault limene anasindikiza Pierre-Jules Hetzel ku Paris. Chigulireni bukulo ndakhala ndikusakasaka zithunzi zakale za nthano za ku Ulaya, zambiri pa intaneti, pomwe nyumba zosungira mabuku zaziika kuti aliyense aone. Zandiphunzitsa kuti wojambula nthano sajambula nkhalango ndi zilombo zokha. Mwadala kapena mosadziwa, amajambulanso anthu a m'nthawi yake: amene ali pamwamba, amene ali pansi, ndi amene mwana ayenera kumuopa akakumana naye panjira.

Nthano za Perrault zinatuluka koyamba mu 1697, zaka 165 buku la Hetzel lisanakhaleko. Kanali kabuku kakang'ono kokwana m'thumba, ka nthano zisanu ndi zitatu. Zina tonse tinazimvapo: Cendrillon, amene ambiri timamudziwa kuti Cinderella; kamtsikana ka chipewa chofiira; mphaka wovala jombo; mwamuna wa ndevu zabuluu. Nakonso kabukuka kanali ndi mayi wachikulire pa tsamba loyamba, wozokotedwa pa mkuwa ndi Antoine Clouzier, koma sali ngati wa Doré. Alibe buku, alibe magalasi. Wakhala pafupi ndi moto, kachipewa ka nsalu kumutu, akupota ulusi. Mphaka ali chapafupi, kandulo ikuyaka, ndipo pachitseko pali chikwangwani cha mawu otanthauza kuti nthano za Mayi Tsekwe. Omvera ndi atatu.

Muyang'ane zovala za atatuwo. N'zapamwamba, za ana a m'nyumba ya anthu olemera. Mayiyo wavala za kumudzi. Si gogo wawo ameneyu. Ndi wantchito, mwina mlezi amene anawayamwitsa ndi kuwalera. Ku France nthawi imeneyo mabanja opeza bwino ankapereka makanda awo kwa amayi osauka kuti awayamwitse, ndipo nthano zinkalowa m'nyumba za akuluakulu kudzera khomo la kukhitchini. Ngakhale pamene akusimba, manja ake sapuma, chifukwa wantchito salipidwa pa kusangalatsa ana. Atatu okhawo ndiwo akhala opanda chochita.

Perrault mwiniyo sanali munthu wa kumudzi. Anatumikira pansi pa Colbert, nduna yamphamvu ya Mfumu Louis XIV, ndipo anali membala wa Académie française, bungwe la akatswiri a chiyankhulo. Kabukuko kanaperekedwa mwaulemu kwa Élisabeth-Charlotte d'Orléans, mwana wa mng'ono wake wa mfumu. Choncho chithunzi chija chinkauza anthu a kunyumba yachifumu kuti nthanozi n'zochokera pansi, kwa anthu wamba, koma zasambitsidwa ndi kuvekedwa bwino kuti zikhale pamaso panu. Dzina la mayi wopota ulusi mulibe m'bukumo. Nkhope yake ndiyo inagwira ntchito yotsimikizira kuti katunduyu ndi weniweni.

Ndi bwino tidziwe kuti zithunzi zimenezi zinkapangidwa motani, chifukwa mapangidwewo ndiwo ankalamula amene angazione. Wozokota pa mkuwa ankatema timizere pa mbale yosalala ndi kachitsulo kakuthwa. Kenako ankapaka inki, n'kupukuta pamwamba kuti inki itsale m'timizeremo mokha, n'kukanikiza pepala lonyowa ndi makina olemera. Mawu ankasindikizidwa pa makina ena, ndiye kuti tsamba lokhala ndi chithunzi linkadutsa kawiri, ndipo mtengo unkakwera. Thabwa linali lotchipa: wosema ankachotsa ponse pofunika kuyera n'kusiya mizere itatumphuka, ndipo thabwalo linkalowa pa makina limodzi ndi zilembo. Vuto lake mizere inkakhala yokhuthala, nkhope zonse ngati za pachibale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Thomas Bewick wa ku Newcastle anakometsa luso lozokota pa mtengo wolimba kwambiri wodulidwa mopingasa, kumene kulibe mitsempha yosokoneza chitsulo. Pamenepo thabwa linayamba kunyamula mthunzi, ubweya, ngakhale misozi. Zithunzi za Doré zinapangidwa mwa njira imeneyi. Iye ankajambula pa thabwa, amisiri ena n'kuzokota, ndipo mukayang'anitsitsa m'makona a m'munsi mupeza mayina awiri: la Doré mbali ina, la wozokota monga Pannemaker kapena Pisan mbali inayo.

Chithunzi cha Doré chimene sindichiiwala si cha mmbulu wa m'nthano ya kamtsikana ka chipewa chofiira ayi. Ndi cha mu nthano ya Le Petit Poucet, kamnyamata kamene kanabadwa kolingana ndi chala chachikulu. Bambo wake ndi wodula nkhuni, ali ndi ana aamuna asanu ndi awiri. Kwagwa njala. Usiku, ana atagona, bambo ndi mayi akhala pamoto akupangana zokawasiya m'nkhalango, poti bamboyo akuti sangathe kuwaona akufa iye akupenya. Doré anawajambula awiriwo atawerama, mafupa akuonekera, zovala zili nsanza, galu ndi mphaka nazonso nthiti zili pamtunda. Kamnyamatako kabisala pansi pa mpando, kakumva zonse. Chithunzi china chikuonetsa m'mawa mwake, mzere wa ana ukulowa m'nkhalango yakuda, bambo patsogolo nkhwangwa ili paphewa, mitengo itatalika ngati ikufuna kuwameza.

Izi sizinali zongopeka kuti ana achite mantha. Zaka zitatu kapena zinayi kabuku ka Perrault kasanatuluke, mu 1693 ndi 1694, France inagwa m'njala yoopsa. Mbewu zinakanika, mtengo wa tirigu unakwera, nkhondo za mfumu zinkadya misonkho, ndipo anthu oposa 1 miliyoni anafa m'dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni. Amene anawerenga nthanoyi mu 1697 anali ataona ana osiyidwa pamakomo a matchalitchi. Ife amene tinaona njala ya 2002, pamene anthu ankasinja zitsa za nthochi n'kuphika, sitifunika wotifotokozera nkhope ya mayi uja. Timaidziwa.

M'nthanomo muli munthu wina amene ndimamufunafuna pa zithunzi. Ana atasiyidwa koyamba, makolo akungofika kunyumba, bwana wa mudziwo akuwatumizira ndalama khumi zimene anali nazo ngongole kuyambira kalekale, zimene iwo anali atataya kale chiyembekezo choti adzaziona. Akugula nyama, akudya, mayi n'kuyamba kulira ana ake. Ndiye kuti bwanayo akanabweza ngongole dzulo lake, anawo sakanalowa m'nkhalango. Pa zithunzi zonse za nthanoyi zimene ndaona, chimphona chodya ana chilipo, mpeni uli m'manja, maso ali psu. Bwana wangongoleyo sindinamuonepo. Ndipo ndikaganiza za amene ankagula buku la Hetzel, chibuku chachikulu chodula chimene ankapatsana ngati mphatso pa Chaka Chatsopano m'nyumba za anthu opata, ndimamvetsa chifukwa chake. Doré ndimamuyamikira kuti sanabise nthiti za osauka. Koma njala imene anajambula ndi yoti mwana wokhuta aione ali pamwendo pa gogo, atsegule tsamba lina, apite kukagona osafunsa kuti wolakwa ndani.

Ku Germany vuto lomweli analithetsa mwa njira ina. Jacob ndi Wilhelm Grimm anatulutsa nthano zawo mu 1812 ndi 1815. Mu Hänsel und Gretel ya poyamba, wokakamiza kuti ana akatayidwe kunkhalango ndi mayi wawo wowabereka. Mu Schneewittchen, imene ambiri amaidziwa kuti Snow White, wofuna kupha mtsikana chifukwa cha kaduka nayenso anali mayi wake weniweni. Wilhelm, amene ankakonza nthanozi buku likamatulukanso, sanafune kuti mayi wa Chijeremani aoneke wotere. Mu 1819 mayi wa Schneewittchen anasanduka mayi womupeza, ndipo mu 1840 zinateronso kwa mayi wa Hänsel ndi Gretel. Ojambula anatsatira, namupatsa nkhope youma ndi milomo yothina. Njala inachoka pakati pa nkhani, m'malo mwake munalowa mkazi woipa mtima. Ndikudziwa amayi angapo amene analera ana owapeza ndi chikondi chonse, wina mpaka kugulitsa mbuzi zake kuti mwana wosam'bereka alipire fizi, ndipo zimandiwawa kuti nkhope imene dziko linapatsidwa ya mayi wopeza inajambulidwa pofuna kuteteza dzina la anthu ena.

Osauka nawo anali ndi zithunzi zawo. Ku Épinal, kum'mawa kwa France, Jean-Charles Pellerin anayambitsa mu 1796 ntchito yosindikiza zithunzi za tsamba limodzilimodzi. Ku Neuruppin, kumpoto kwa Berlin, Gustav Kühn ankachita zomwezo, ndipo ku Munich kampani ya Braun & Schneider inatulutsa masamba oposa 1,200 pakati pa 1848 ndi 1898. Nthano yonse inkakwana pa pepala limodzi, m'timabokosi tondondozana, mawu ochepa pansi pa kabokosi kalikonse. Amalonda oyenda pansi ankanyamula masambawa kumsana limodzi ndi singano, ulusi ndi zithunzi za oyera mtima, mudzi ndi mudzi, n'kumagulitsa pa kandalama kochepa. Anthu ankawakhoma pakhoma kapena kuwamata m'kati mwa chivundikiro cha bokosi la zovala, monga momwe kalendala ya chaka chatha imakhalirabe pakhoma kwathu chifukwa cha chithunzi chake. Utsi unkawadetsa, chinyontho chinkawadya, n'chifukwa chake ochepa okha ndiwo atsala pa ambirimbiri amene anasindikizidwa.

Utoto wake unali wowala, wofiira, wachikasu, wabuluu, ndipo kawirikawiri unkasefukira kunja kwa mzere. Ankaupaka pogwiritsa ntchito katoni yobooledwa: mtundu uliwonse unali ndi katoni yake, wopaka n'kuisanjika pa pepala, kudutsitsa burashi, kuchotsa, kutenga pepala lina. Ku Neuruppin ambiri mwa opakawo anali amayi ndi ana, olipidwa zochepa kwambiri. Ndikaona chipewa chofiira chimene utoto wake wataikira pa tsaya la mtsikana, ndimaganiza za dzanja limene linafulumira pamenepo. Mwina linali la mwana wa msinkhu womwewo, amene tsiku limenelo anafiiritsa chipewa chomwecho kangapo konse mpaka dzanja kuchita dzanzi. Mayina awo mulibe m'makona.

Boma linkadziwa mphamvu ya mapepala otchipawa. Mu 1852, ku France, ulamuliro wa Louis-Napoléon unakhazikitsa komiti yoyang'anira malonda oyenda nawo, ndipo buku kapena chithunzi chilichonse chimene wamalonda ananyamula chinayenera kukhala ndi chidindo cha boma. Chibuku chodula chimakhala pa shelefu ya munthu mmodzi. Pepala la kandalama kamodzi limalowa m'nyumba imene mulibe wodziwa kuwerenga, n'kulankhula kwa onse.

Apa ndipo pali nkhani imene imandidetsa nkhawa koposa. Agogo anga akamasimba za Fisi, Fisiyo analibe nkhope imodzi. Aliyense wa ife ankam'panga yekha m'mutu, ndipo wanga ankasintha malinga ndi zimene ndinkaopa chaka chimenecho. Chithunzi chosindikizidwa chimatseka khomo limeneli. Chimapatsa woipa nkhope imodzi, ana zikwizikwi n'kuiona yomweyo, n'kukula nayo.

Taonani mwamuna wa ndevu zabuluu, amene ankapha akazi ake n'kusunga mitembo m'chipinda chokiya. Kwa Perrault ndi munthu wolemera wa ku France komweko, wa nyumba m'tauni ndi kumudzi, mbale zagolide ndi ngolo zokongola. Doré anamusiya Mzungu, wovala ubweya ndi chipewa cha nthenga, maso atatong'oka, chala chili m'mwamba pamene akupereka makiyi. Koma ku England zinali zitasintha kale. Mu 1798 George Colman wamng'ono anaika nthanoyi pa siteji ku London, naisamutsira ku Turkey, mkaziyo n'kumutcha Fatima. Kuyambira pamenepo timabuku tambiri ta Chingerezi tinkamuveka nduwira kumutu ndi lupanga lopindika m'manja, ndipo Edmund Dulac ankam'jambulabe chotero mu 1910. Wopha akazi anachotsedwa pakati pa anansi n'kusandutsidwa mlendo wa kum'mawa, Msilamu. Mwana wa ku London anaphunzira kuti zoterezi zimachitika kwa anthu ena, kutali, pomwe nthanoyo inabadwira pakati pa Azungu okhaokha.

Choipa kuposa apa chili m'nthano ya a Grimm yotchedwa Der Jude im Dorn. Wantchito wina ali ndi zeze wamatsenga wovinitsa aliyense womumva. Akuvinitsa Myuda m'kati mwa minga mpaka zovala kung'ambika, akumulanda ndalama, ndipo pomaliza wopachikidwa ndi Myudayo. Nthanoyo imayembekeza kuti womvera aseke. Pamene Edgar Taylor anamasulira nthano za a Grimm m'Chingerezi mu 1823, George Cruikshank anajambula Myudayo akudumphadumpha m'mingamo. Ojambula a m'zaka zotsatira anakhazikitsa nkhope yake: mphuno yokhota, ndevu zosongoka, thumba la ndalama. Sindikunena kuti chithunzi cha m'buku la ana ndicho chinapha Ayuda 6 miliyoni mu ulamuliro wa Nazi. Ndikunena kuti pamene chipani cha Nazi chinkasindikiza mabuku a ana odana ndi Ayuda m'zaka za m'ma 1930, sichinafunike kupeka nkhope yatsopano. Inali kale m'nyumba zambiri, pamalo pamene makolo sankaganizira n'komwe kuti pangakhale poizoni.

Ngakhale mmbulu uja wa m'nthano ya chipewa chofiira ankasintha malinga ndi zimene akuluakulu ankafuna kuti atsikana amve. Mimbulu yeniyeni inalipo: pakati pa 1764 ndi 1767 chilombo cha ku Gévaudan chinapha anthu pafupifupi 100, ambiri amayi ndi ana oweta ziweto, ndipo zithunzi zake zinkagulitsidwa m'misika. Koma Perrault sanabise kuti mmbulu wake ndi mwamuna. Mtsikana akuvula n'kulowa pabedi, akudyedwa, nthano n'kuthera pomwepo popanda womupulumutsa, ndipo mavesi omaliza akuchenjeza anamwali za amuna a pakamwa pozuna amene amawatsatira mpaka m'nyumba. Doré anajambula awiriwo ali pabedi limodzi, mmbulu utavala kachipewa ka gogo, mtsikana akukokera chofunda pachifuwa, maso ali pa mnzake wapabediyo. Mayi aliyense woona chithunzicho amadziwa chimene chikunenedwa. A Grimm anawonjezera mlenje wong'amba mimba ya mmbulu, ndiponso langizo la mayi loti mwana asapatuke panjira, kotero kuti mbali ina ya mlandu inagwera mtsikanayo. Walter Crane mu 1875, m'timabuku tautoto timene Edmund Evans ankasindikiza, anaimiritsa mmbulu ndi miyendo iwiri atavala ngati munthu, waulemu wake, akucheza ndi mwana panjira. Pa atatuwa, wa Crane ndiye ndingamuonetse mwana wanga wamkazi, chifukwa oopsa ambiri amene adzakumane nawo adzabwera chotero, ndi moni wabwino.

Cruikshank uja, atakalamba, anasiya mowa n'kukhala mlaliki wolimbana nawo. Kuyambira mu 1853 anayamba kulembanso nthano ndi kuzijambula kuti ziphunzitse kudziletsa. Bambo wa kamnyamata kaja kolingana ndi chala chachikulu anakhala munthu wosauka chifukwa cha uchidakwa, ndipo pa ukwati wa Cinderella mowa wonse ukuunjikidwa n'kutenthedwa. Charles Dickens, amene Cruikshank anamujambulira Oliver Twist, anakwiya nalemba m'magazini yake ya Household Words chaka chomwecho kuti uku n'kubera nthano. Anali ndi mfundo. Koma nthanozo zinali zitasinthidwa kale ndi Perrault, ndi Wilhelm Grimm, ndi womasulira aliyense. Cruikshank anangochita poyera zimene ena ankachita mwakachetechete. Ndipo taonani kuti kachiwirinso njala yachotsedwa: banja lija silikuvutikanso chifukwa cha chilala kapena bwana wosabweza ngongole, koma chifukwa bambo amamwa.

Pakati pa mayi wopota ulusi wa 1697 ndi gogo wamagalasi wa 1862 pali mayi wachitatu, ndipo yekhayu ndiye anali munthu weniweni wa dzina lake. Buku loyamba la a Grimm linalibe zithunzi. Linali ndi ndemanga za akatswiri, ndipo silinayende malonda. Polisindikizanso mu 1819 anaika pa tsamba loyamba la gawo lachiwiri nkhope ya Dorothea Viehmann, yojambulidwa ndi mng'ono wawo Ludwig Emil Grimm. Ataona mmene buku la Taylor ndi Cruikshank linagulidwira ku England, mu 1825 anatulutsa kabuku ka nthano 50 kokhala ndi zithunzi zisanu ndi ziwiri za Ludwig Emil yemweyo, ndipo ndi kameneka kanalowetsa nthanozo m'nyumba za anthu. Koma nkhope ya Viehmann inali ndi ntchito ina. Abalewo ankafuna kuonetsa kuti nthanozi n'zochokera m'nthaka ya Germany, m'kamwa mwa alimi, panthawi imene dzikolo linali logawikana ndipo linali litangochoka m'manja mwa Napoléon. Anamutchula kuti mlimi wa ku Niederzwehren, mudzi wa pafupi ndi Kassel.

Zoona zake zinali zosiyanako. Viehmann anabadwa mu 1755, dzina la kwawo Pierson, mbadwa ya Akhristu a Chipulotesitanti amene anathawa chizunzo ku France. Bambo wake anali ndi nyumba ya alendo m'mbali mwa msewu, momwe ankamva nthano kwa oyendetsa ngolo, asilikali ndi amisiri apaulendo. Anakwatiwa ndi telala. Ndipo nthano zina zambiri za m'bukulo abalewo sanazitenge kwa mlimi aliyense. Anazimva kwa atsikana ophunzira a m'tauni, monga ana a banja la Hassenpflug, limene kunyumba kwawo Chifalansa chinkayankhulidwa, ndi Dortchen Wild, mwana wa wogulitsa mankhwala, amene Wilhelm anadzamukwatira mu 1825. Nkhope za amenewa sizinaikidwe pa tsamba loyamba. Sizikanagwira ntchito imene inkafunika. Pankafunika makwinya ndi kachipewa ka kumudzi.

Komabe sindikufuna kuti kuwongola nkhaniyi kumulande mayiyu chimene chinali chake. Umphawi wake unali weniweni: nkhondo za Napoléon zinasaukitsa banja lake, ndipo ankayenda ulendo wa ku Kassel kukagulitsa za kudimba. Abale a Grimm anamudziwa mu 1813, ndipo anawapatsa nthano pafupifupi 40. Iwo eni analemba kuti ankasimba mosafulumira, mosakayika, mosangalala ndi nkhani yake, ndipo akamupempha ankabwereza pang'onopang'ono kuti alembe, osasintha kanthu, ndipo akaphonya ankadzikonza yekha m'kati mwa kusimbako. Nditawerenga zimenezi ndinawaona agogo anga, amene ankatibwezera m'mbuyo tikaimba molakwa kanyimbo ka m'nthano, ngakhale tulo titatigwira kale. Ndi luso limenelo, la munthu wodziwa ntchito yake, ngati la Pannemaker ndi chitsulo chake.

Dorothea Viehmann anamwalira mu Novembala 1815, ali wodwala ndi wosauka, zaka zinayi nkhope yake isanasindikizidwe m'buku. Mwezi watha ndinapita pa kashopu kosindikiza mapepala, ndinatulutsa chithunzi chakecho, ndinachidula bwinobwino ndi lumo, n'kuchilowetsa m'buku langa lopanda chikuto lija, patsogolo pa gogo wa Doré. Wavala kachipewa komanga pansi pa chibwano, makwinya ali mbwee m'masaya, akuyang'ana chakumbali. M'munsi mwake ndinalemba ndi pensulo dzina lake lonse, Katharina Dorothea Pierson Viehmann, ndipo pansi pa dzinalo ndinalemba la agogo anga.